Kodi mwanayo akulotadi ali maso?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, sabata yatha pa phunziro la Chingerezi kuno ku Macanga tinakumana ndi mawu akuti daydream. Mtsikana wina anakweza dzanja: "Aphunzitsi, munthu angalote bwanji dzuwa likuswa mtengo?" Anzake anaseka, koma ine funsolo linandituma kukafufuza.

Mawuwa ndi awiri olumikizidwa: day, usana, ndi dream, loto. Anayamba kuoneka m'mabuku m'zaka za m'ma 1600. Pa Chipwitikizi amati sonhar acordado, ife timati kulota uli maso. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti m'Chingerezi chakale, zaka 1,000 zapitazo, dream sankatanthauza loto ayi. Ankatanthauza chisangalalo, nyimbo ndi phokoso la pachikondwerero. Loto la kutulo ankalitcha swefn. Tanthauzo la lero linayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1200, ndipo akatswiri ambiri amati linakopedwa ndi mawu akuti draumr a anthu a ku Scandinavia.

Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira ubwana wanga ku Tsangano. Tsiku lina aphunzitsi anamenya desiki yanga n'kukalipa kuti, "Estás a sonhar acordado?" Ngakhale funso lenilenilo sindinalimve. Chipwitikizi chinkangondidutsa ngati mphepo ya mu June. Maso anali pawindo, mtima uli kumunda wa kachewere kumene amayi ndi anzawo ankaimba akamakumba. Sunali ulesi. Maganizo anga ankathawira kumene kunali mawu omwe ndinkawamva, ndipo kumeneko kunali nyimbo ndi kuseka, monga mwa tanthauzo lakale lija.

Chigawo chathu cha Tete chinali chimodzi mwa ziwiri zomwe zinayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, kudzera mu pulojekiti ya PEBIMO. Kuno linali Chinyanja, ku Gaza Chichangana. Ine mwayi umenewo unandiphonya.

Masiku ano ndikaona mwana wayang'ana kunja sindimenya desiki. Ndimamuyandikira n'kubwereza funso m'Chinyanja. Nthawi zambiri amayankha bwinobwino. Ena ndimapeza kuti agona ndi njala. Ena amakhala akulotadi, ndipo akandifotokozera zomwe amaganiza, timayambira pomwepo kulemba nkhani.

Makolo, akakuuzani kusukulu kuti mwana wanu amangolota m'kalasi, musathamangire kumutcha waulesi. Yambani mwamufunsa m'chilankhulo cha pakhomo zomwe aphunzira tsikulo.

Nanga kwanuko, mwana wotere mumati watani?