Njinga Yakale ya Parishi Yayamba Kupuma



Maparishi ambiri akumudzi ali ndi njinga yamoto yakufa yotsamira khoma la mosungira katundu, pakati pa mabenchi othyoka ndi khola la Khrisimasi. Yathu ndi Yamaha AG100. Njinga ya mtundu umenewu inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, poganizira alimi a ku Australia ndi New Zealand amene amalondola nkhosa m'tchire. Injini yake ndi yaing'ono, 97cc, yotentha petulo pamodzi ndi oyilo, ndipo tcheni chake chinatsekeredwa m'bokosi kuti fumbi ndi matope zisachidye. Liwiro ilibe, koma njira imene galimoto imabwerera, iyo imadutsa.

Chimene tinaitulutsira panja si chikondi cha zinthu zakale. Nthambi yathu yakutali kwambiri ili tsidya la dambo, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi galimoto ya Abambo Mfumu sifikako. Agogo odwala amene apempha Ukaristia sangauzidwe kuti adikire dzinja lithe. Ukaristia tingawatengere ife amene tinapatsidwa chilolezo, koma Kulapa ndi Kudzoza Odwala nza wansembe yekha, ndipo wansembeyo ayenera kufika ndi thupi lake pa mphasa ya wodwalayo. Nkhani yonse ya njingayi yagona pamenepa.

Mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 14, Ambuye akutikumbutsa za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi kuwerengera ngati ndalama zake zidzafika kumapeto. Ife tinakhaladi pansi, kope lili m'manja. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, pamene thumba lathu ndi la ndalama za maganyu a achinyamata ndi zopereka za m'miphakati. Ndalama yotereyi ili ndi thukuta la eni ake, ndipo siigwiritsidwa ntchito mwachibwana.

Apa mpamene panabuka mtsutso. Ambiri ankafuna kuyamba ndi penti, magalasi onyezimira ndi dzina la nkhoswe ya parishi pa thanki. Sitikuwadzudzula, pakuti maso amakonda kuona kuti ntchito ikuyenda. Komabe tinaumirira kuti mabuleki ndi matayala zitsogole, injini ibwere pambuyo, penti ikhale yomaliza. Njinga yokana kulira imangokusiya pakhomo ukudandaula. Yokana kuima imakupereka kuchipatala, mwinanso kumanda, ndipo wodwala uja adikirabe.

Matayala anali ndi mapanga ooneka bwino, koma tayala limakalamba ngakhale losayenda. M'mbali mwake mumalembedwa manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Athu ankasonyeza kuti anapitirira zaka khumi, ndipo mphira wake unali utang'aluka ngati nthaka ya Okutobala. Tinagula atsopano a mano akuluakulu oluma matope. Kumeneko ndi kumene kunapita ndalama zambiri, ndipo sitinong'oneza bondo.

Zina zambiri zinangofuna manja ndi kuleza mtima. Dzimbiri la m'thanki tinalichotsa ndi viniga ndi timanati tochepa, kukhutchumula mosinthana masana onse, kenaka kutsuka ndi kuumitsa bwino. Tinaika kasefa kakang'ono pa paipi ya petulo, kamtengo wochepa koma koteteza kabyuleta ku zinyalala. Kabyuletayo tinaimasula kachidutswa ndi kachidutswa pa nsalu yoyera, mnyamata mmodzi akujambula pa foni kuti pobwezera tisasokoneze. Makaniko wachikulire wa m'parishi mwathu momwemu, amene anakana malipiro, anatiphunzitsa kuwerenga pulagi monga sing'anga amayang'anira lilime: ikakhala yofiirira zinthu zili bwino, ikada ndi mwaye petulo wachuluka, ikayera mbuu injini ikumva ludzu ndipo itha kutentha mpaka pisitoni kugwira.

Iye yemweyo ndi amene anatiletsa kugula tcheni chokha. Tcheni chatsopano pa masipuloketi odyeka sichichedwa kutha, choncho zitatuzi zimasinthidwa pamodzi. Sipuloketi yakumbuyo tinasankha yokulirapo pang'ono. Liwiro lachepa, mphamvu yokwerera chitunda anthu awiri yawonjezeka. Enanso amachotsa pampu ya oyilo, imene Yamaha amaitcha Autolube, n'kumasakaniza okha oyilo mu petulo. Ife tinaikonza n'kuisiya, chifukwa njinga ya anthu ambiri siyenera kudalira chikumbumtima cha munthu amene wathamangira maliro m'bandakucha.

M'kalata yake Laudato Si' ya 2015, malemu Papa Francis anadandaula za chizolowezi chogwiritsa ntchito zinthu n'kuzitaya, chimene chimafika pomataya ngakhale anthu. Timaganizira mawu amenewa tikaona anyamata ena amene anasiya sukulu, amene pa misonkhano yathu sankayankhula, lero ndi amene akudziwa kumanga masipoko mpaka gudumu kuzungulira mosagwedera. Sitinawaitane ndi ulaliki. Anabwera chifukwa panali sipanala yofuna munthu woigwira.

Injini inalira sabata yatha, utsi wake n'kudzaza bwalo lonse la tchalitchi, amayi a kwaya akukhosomola uku akuseka. Koma sinayambe ulendo. Patsala inshuwalansi, mapepala a ku Road Traffic, zisoti ziwiri zenizeni, ndi laisensi ya aliyense amene adzaikwere; pa ichi sipadzakhala kukondera, kaya ndi katekisiti kaya ndi wapampando. Kumbuyo kukufunikanso bokosi losalowa madzi lonyamulira zipangizo za Misa.

Loweruka likubwerali tikumananso ikatha Misa yam'mawa kuti timalize mawaya a nyali. Amene ali ndi sipanala ya 10 ndi ya 12 abwere nazo. Penti idikirabe mpaka mvula itatha.