Mkaka, Khofi ndi Chiboda cha Ng'ombe

Abale anga alimi a ku Machinga ndi ku Balaka, ndifuna kukufunsani funso limodzi. Kodi munayamba mwaganizapo chifukwa chake msuzi wa mang'ina ukagona mumphika, m'mawa mwake umapezeka utagwirana ndi kumanjenjemera? Msuzi wa mutu wa chambo kapena wa mlamba umateronso m'nyengo yachisanu. Tonse tinaziona izi kuyambira ubwana, ndipo timangoubwezera pamoto ndi kudyera nsima. Koma ine ndikuuzani kuti m'kugwirana kumeneko muli nzeru imene anthu a ku Italy amapangira chakudya chopatsa alendo olemekezeka.

Chakudyacho dzina lake ndi panna cotta, ndiko kunena kuti mafuta a mkaka ophika. Kwawo kwenikweni ndi chigawo cha Piemonte, kumpoto kwa Italy, kumene kuli mzinda wa Torino. M'chaka cha 2001 boma la chigawocho linachilemba m'kaundula wa zakudya za makolo awo. Ine ndinachilawa koyamba pa Balaka pomwe pano, pakuti mukudziwa inu kuti ansembe a Montfort ochokera ku Italy akhala nafe zaka zambiri, ndipo ophika ena akwathu anaphunzira zakudya zawo. Anandipatsa m'kakapu, chofiirira pang'ono, chonunkhira khofi, chofewa kotero kuti chinasungunuka pa lilime ndisanatafune. Nditafunsa wophikayo chimene chimagwiranitsa mkaka motero, anaseka nati, "Achimwene, ndi zomwe zija za m'mang'ina."

Mawu ake anali oona. M'ziboda, m'chikopa ndi m'mitsempha ya nyama muli zinthu zolimba zimene zikaphikidwa nthawi yaitali zimasungunukira m'madzi, ndipo madziwo akazizira amagwirana. Ophunzira amazitcha jelatini. M'masitolo aakulu a m'tauni amagulitsa jelatini wa ufa m'timapaketi. Anthu a ku Italy mpaka lero amamutchula ndi dzina lotanthauza ulimbo wa nsomba, chifukwa makolo awo ankamutenga ku nsomba.

Tsono apa mpamene ndifuna mumvetsetse bwino. Jelatini wambiri wa m'mafakitale akunja amapangidwa ndi chikopa cha nkhumba. Ife kuno timakhala Akhristu ndi Asilamu m'mudzi umodzi, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Nsanama ndi ku Ntaja. Timakwatirana, timaikana maliro, timadyera mbale imodzi. Munthu amene sadya nkhumba sangaizindikire m'kapu ya mkaka, pakuti ufawo ulibe fungo kapena mtundu woti aonere. Kumpatsa mnzako chimene chipembedzo chake chimaletsa, iye osadziwa, ndi kumlakwira kwakukulu, ndipo tsiku limene adzamve, chibale chidzatha. Chotero ngati mwagula wa m'sitolo, yambani mwawerenga pa paketi. Pakhale polembedwa kuti ndi wa ng'ombe, pakhalenso chizindikiro cha halaal. Popanda zimenezi musampatse mlendo. Ichi ndicho chifukwa chake ine ndimakonda njira ya chiboda, chogula kwa wopha nyama amene inu ndi mnansi wanu mumadziwa kazingidwe kake. Njirayi ndi yaitali, koma mtima umakhala m'malo.

Kachitidwe kake ndi aka. Tengani chiboda chimodzi cha ng'ombe, kapena miyendo inayi ya mbuzi. Musachiwaule pamoto monga timachitira pophika ndiwo, chifukwa utsi udzalowa mumkaka. Chithireni madzi otentha, muchipale ndi mpeni mpaka chiyere, ndi kuchidula mapisi. Chiwiritseni mphindi 10, mutaye madzi oyambawo, pakuti ndiwo atenga fungo ndi litsiro. Thiraninso madzi abwino malita awiri, opanda mchere, opanda anyezi, ndipo muphike pamoto wochepa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Chikuni chimodzi chachikulu chikwana, monga pophika nyemba. Mukaona kuti nyama yalekana ndi mafupa, sefani msuziwo pa kansalu koyera ndi kuusiya uzizire usiku wonse utavundikiridwa. Nyama yotsalayo musataye ayi. Ikanimo mchere, tomato ndi anyezi, ndiyo ndiwo ya madzulo amenewo.

M'mawa mudzapeza mafuta atauma pamwamba. Achotseni onse ndi supuni. Pansi pake padzakhala msuzi wogwirana uja. Ubwezereni pamoto uwire mpaka utsale wokwana kapu imodzi yokha.

Kunena za mkaka, Ataliyana amagwiritsa mafuta aja oyandama pamwamba, amene ena amati kirimu. Ng'ombe zathu za makolo zimatulutsa mkaka wochepa koma wamafuta, ndipo uli bwino monga momwe uliri. Wa mbuzi nawonso uchita, ngakhale wa ufa mutausungunula mokhuthala. Koma mkaka wokama pakhomo uyenera kuwiritsidwa nthawi zonse. Mkaka wosaphitsa ungathe kutenga chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena amene amachititsa ng'ombe kutaya bere, ndipo matendawa amalowa ndi mwa anthu omwe.

Mukaphula makapu awiri a mkaka wowira, ikanimo masupuni aakulu anayi a shuga ndi khofi. Ngati khofi wanu ndi wosungunuka uja wa m'chitini, masupuni aang'ono awiri akwana. Ngati ndi wopera, ikani masupuni aakulu awiri, mudikire mphindi zisanu, ndi kusefa. Kenaka thiranimo kapu ija ya msuzi wa chiboda ukadali wotentha, mutakase bwino, mugawire m'makapu asanu kapena asanu ndi imodzi. Amene ali ndi jelatini wa m'paketi anyike masupuni aang'ono awiri ndi theka m'madzi ozizira ochepa kwa mphindi zisanu, ndi kuthira mu makapu awiri a mkaka wotentha umene waphulidwa kale. Asaubwezerenso pamoto, chifukwa kuwira kumamfooketsa.

Wina adzati, khofi ndi chakumwa cha azungu, walowa bwanji m'mphika wa kumudzi? Ayi, abale, khofi ndi mbewu yakale m'dziko muno. Anayamba kumubzala pa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, atabwera ndi mbande kuchokera ku Edinburgh. John Buchanan ndi abale ake analima minda yake ku Zomba, pafupi ndi ife pomwe, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mbewu yaikulu imene dziko lino linkagulitsa kunja. Pambuyo pa chaka cha 1900 mitengo yake inagwa chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo tinaononganso minda, ndipo eni minda anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Koma sanatheretu. Alimi anzathu a ku Misuku ndi m'mapiri ena a kumpoto amamulima, ndipo amagulitsa pamodzi pa dzina la Mzuzu. Kwathu kuno kuchigwa sachita bwino chifukwa cha kutentha, koma paketi imodzi imakhala miyezi. Ndipo m'chakudya ichi khofi ali ndi ntchito yake: kuwawa kwake kumachepetsa kuzuna kwa shuga, ndipo fungo lake limaphimba kafungo ka chiboda kamene kangatsalire.

Chotsala ndi kuziziritsa, ndipo apa ndi pamene nyengo imalamula. Jelatini amasungunuka kutentha kukafika pafupi ndi kwa thupi la munthu, ndicho chifukwa chake amatha msanga m'kamwa. M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la ku Liwonde ndi ku Utale limapitirira madigiri 35, musataye mkaka wanu pachabe ngati mulibe firiji. Nthawi yake ndi Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba. Konzani madzulo. Ikani makapu m'beseni la mchenga wonyowa, kapena m'mbale yaikulu yadothi yokhala ndi madzi ozizira a mumtsuko, muvundikire ndi nsalu yonyowa, muike pamalo opita mphepo pamene galu ndi mphaka sangafike. Musamagwedeze ndi kupisamo chala kuti muone ngati zatheka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa mudzapeza mkaka utaima, ukunjenjemera ngati msuzi wa mang'ina uja. Idyani m'mawa womwewo dzuwa lisanakwere, pakuti chamkaka sichisungika.

Zinthu ziwiri musaiwale. Choyamba, musasakanizemo papaya kapena chinanazi chosaphika. Zipatso ziwirizi zili ndi mphamvu ija yofewetsa nyama, ndipo zimadula jelatini kotero kuti mkaka sugwirana konse. Nthochi yakupsa yoduladula pamwamba ilibe vuto. Chachiwiri, ana aang'ono musawapatse khofi, chifukwa amawasowetsa tulo. Apatulireni gawo lawo khofi asanalowe. Mkaka ndi shuga zokha ziwakoma, ndipo mkakawo ndi umene matupi awo amafuna.

Sindikunena kuti tisiye phala la mgaiwa, thobwa kapena chambiko chathu. Ichi ndi chakudya cha tsiku lapadera, monga pobwera apongozi, pa chinkhoswe, kapena mwana akachokera kusukulu yakutali. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amakumbukira nyumba imene anamkonzera kanthu kachilendo. Inu amayi ndi abambo amene muli ndi ng'ombe kapena mbuzi yokama, yesani chisanu chikubwerachi. Mukakonza, muitane mnansi wanu, ndipo asanagwire supuni mumuuze zonse zimene mwaikamo ndi kumene munagula chibodacho, kuti adye ndi mtima woyera.