Tsiku Lotsiriza la Bata

Mu mzinda wa Amsterdam, m'dziko la Holland, muli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale, dzina lake Rijksmuseum. M'menemo muli chithunzi cha zombo zambiri zitasonkhana pa nyanja ya mchere. Chithunzicho chilibe utoto wofiira kapena wobiriwira ayi, pakuti mwini wake anachijambula ndi cholembera ndi inki pa nsalu yoyeretsedwa. Munthuyo ndiye Willem van de Velde wamkulu, amene anabadwira ku Leiden cha m'ma 1611.

Munthu wochiona koyamba angayese kuti linali tsiku la chikondwerero. Mbendera zili petupetu pamwamba pa milongoti, ndipo timabwato tili kuyenda pakati pa zombo zazikulu monga ana pakati pa akulu pa bwalo. Koma sichinali chikondwerero. Linali tsiku la 10 Juni, 1666, pamene Adatchi anali pa nkhondo ndi Angerezi chifukwa cholimbirana malonda a pa nyanja. Mkulu wa zombo za Adatchi, Michiel de Ruyter, anaitana akazembe ake kuti adze ku chombo chake adzapangane za nkhondo.

Chombocho dzina lake chinali De Zeven Provinciën, ndiko kunena kuti Zigawo Zisanu ndi Ziwiri, pakuti dziko lawo linali la zigawo zotero zimene zinagwirizana. Chinapangidwa ku Rotterdam m'chaka cha 1665, ndipo chinanyamula mizinga 80. De Ruyter mwini anali mwana wa anthu osauka wa ku Vlissingen. Ali wamng'ono anagwira ntchito kwa opota zingwe, nayamba za pa nyanja ali ndi zaka 11. Ngakhale anakula nakhala mkulu wa zombo zoposa 80, sanaiwale kuti mutu umodzi susenza denga. Asanalize mzinga ndi umodzi womwe, anayamba wakhala pansi ndi anzake.

M'mawa mwake nkhondo inabuka, ndipo inatha masiku anayi, kuyambira pa 11 kufikira pa 14 Juni. Tsiku loyamba lomwelo kazembe wina wamkulu wa Adatchi, Cornelis Evertsen, anaphedwa. Tsiku lachitatu chombo chachikulu cha Angerezi, Royal Prince, chinatitimira pa mchenga. Mkulu wake, George Ayscue, anadzipereka, ndipo Adatchi anachitentha. Potsiriza Adatchi anapambana, koma mbali zonse ziwiri zinataya anthu ambiri, ndipo akazi ambiri anasanduka amasiye.

Tsono apa ndipo pagona mtengo wa chithunzichi. Ojambula ambiri amakonda utsi ndi moto, chifukwa ndizo zimene anthu amathamangira kuona. Van de Velde naye anajambula nkhondo zambiri, koma pano anasunga tsiku limene zombo zinali zamphumphu ndi anthu onse ali moyo. Wopalasa bwato amene aoneka ngati kadontho pa madzipo anali ndi mayi wake kumudzi, ndipo sanadziwe ngati adzamuonanso. Wodziwa zimene zinachitika m'mawa mwake sangayang'ane timabwato timeneto ndi mtima wopepuka.

Wojambulayu sanalembe za m'maluwa. Iye ankatsagana ndi zombo za nkhondo m'kangalawa kakang'ono, pepala lili m'manja, najambula msangamsanga zimene maso ake anaona. Pobwerera kwawo ndipo ankakhala pansi masiku ambiri, kulemba timizere tating'onoting'ono, mpaka chingwe chilichonse, thanga lililonse ndi khomo la mzinga lililonse zitakhala pamalo pake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chifukwa cha kudekha kwakeko, anthu ophunzira za zombo zakale amadalira zojambula zake kufikira lero, ngakhale zombozo zinatha kalekale.

Chodabwitsa china ndi ichi. Cha m'ma 1672, pamene dziko la Holland linali pa mavuto aakulu a nkhondo, Van de Velde anasamukira ku England pamodzi ndi mwana wake, amenenso dzina lake linali Willem. Mfumu Charles II inawalandira, niwapatsa malo ogwiriramo ntchito ku Greenwich ndi malipiro a mapaundi 100 pa chaka munthu aliyense. Angerezi anadziwa bwino kuti mlendoyu anajambulapo kugonja kwawo, komabe anamfuna, chifukwa dzanja lake silinkanama. Iye anamwalira ku London m'chaka cha 1693.

Munthu amene wangophunzira kugwira cholembera angatolepo nzeru pamenepa. Cholembera chili ngati mboni pa bwalo la milandu: ulemu wake uli pa kunena zimene zinaonekadi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Mizinga ya De Ruyter inaleka kulira zaka zoposa 300 zapitazo, koma opalasa mabwato aja akali kupalasa pa nsalu ija, kupita ku upo wa mkulu wawo.