Kufukula Makalata Osungidwa mu Imelo

Mabuku a Cinyanja m'masukulu athu akadali ocepa. Cinenero cathu cinayesedwa m'kalasi ku Tete pa nchito ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a m'zinenero ziwiri analowa m'masukulu a boma mu 2003. Komabe zambiri zimene timaphunzitsira timazipanga tokha: nthano, zilapi, mindandanda ya mawu a masamu, mapulani a phunziro. Timatumizirana zimenezi pa imelo, wa ku Angónia kwa wa ku Tsangano, wa ku Tsangano kwa wa ku Lago. Conco bokosi la imelo la mphunzitsi ndi nkhokwe, ndipo kalata ikasowa mmenemo, ana amataya nthano imene mwina sinasindikizidwe kwina kulikonse.

Kawirikawiri kalatayo siinatayike ayi. Mu Gmail, batani la Arquivar silifafaniza kanthu. Limangocotsa kalata pamaso pathu n'kuisunga pamodzi ndi makalata onse. Zimene zimafafanizika ndi zoponyedwa kudzala, ndipo zimatero pakatha masiku 30. Zosungidwazo zimangodikira munthu wodziwa kufunsa.

Ife timayamba ndi zimene tikukumbukira. Tikakumbukira wotumiza, timalemba from: m'kabokosi kofufuzira n'kutsatiza dzina lake, popanda kusiya mpata. Tikakumbukira liwu la pamutu wa kalata, timalemba subject:nthano. Ngati kalatayo inabwera ndi cikalata, has:attachment amasiya makalata okhawo onyamula kanthu, ndipo filename:pdf amasankhanso mtundu wa cikalataco. Nthawi timaiika malire ndi after:2022/02/01 before:2022/05/01, kuyamba ndi caka, kenako mwezi, pomaliza tsiku. Kalata ikapitirira kubisala, in:anywhere amafufuza ngakhale kudzala ndi m'makalata okayikitsa. Malamulowa amakhala m'Cingerezi ngakhale foni itaikidwa m'Cipwitikizi, ndipo angathe kulumikizidwa angapo pa mzere umodzi. Mzere umodzi woterowo umapulumutsa ndalama ya intaneti imene ikanathera potsegula makalata amodziamodzi.

Pali vuto lina limene ife aphunzitsi a cinenero timalimvetsa msanga kuposa ena. Makinawa amafunafuna liwu lathunthu monga tinalilembera. Tsinde la liwu salidziwa. Kwa ife mwana ndi ana ndi liwu limodzi, kuphunzira ndi anaphunzira zimacokera pa tsinde limodzi, koma kwa makina amenewa ndi mawu anayi osadziwana. Tikalemba buku, kalata yonena za mabuku ingathe kutsalira. Mankhwala ake ndi liwu lakuti OR, m'zilembo zazikulu: buku OR mabuku, mwambi OR miyambi. Pamenepa galamala ya magulu a mayina, imene timaphunzitsa ana, imatithandiza ifenso.

Kalembedwe nako kamasiyana. Kuno ku Mozambique timalemba Cinyanja ndi cisanu, pamene anzathu a ku Malawi amalemba Chichewa ndi chisanu. Popeza zipangizo zina zimadutsa malire, timafufuza mitundu yonse: cinyanja OR chinyanja OR chichewa. Tikakumbukira ciganizo cathunthu, timacitsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa, monga "kalulu ndi njovu", kuti mawuwo apezeke motsatana momwemo. Makalata osafunika akaculuka, kamzere kocotsera kamawathamangitsa: nthano -reunião amasiya kunja onse onena za msonkhano.

Luso limeneli latiphunzitsanso kulemba makalata mokumbukira amene adzawafune mtsogolo. Kalata yamutu wakuti "Bom dia" kapena yopanda mutu imavuta kuipeza pakapita zaka ziwiri. Ndiye ife tinagwirizana kuti mutu uzinena cinenero, kalasi ndi nkhani, monga "Cinyanja, kalasi 2, zilapi", ndipo dzina la cikalata lizifanana ndi mutuwo.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi mudzatumizidwa kumasukulu kumene laibulale kulibe, kumene intaneti imagwira pakanthawi pacitunda cimodzi. Musanapite, tsegulani imelo yanu, lembani has:attachment older_than:1y, ndipo muone zimene anzanu ndi aphunzitsi anu anakutumizirani kale. Zimene zili m'Cinyanja muzitsitse, muzisunge m'foni, ndipo zofunika kwambiri muzikopere m'kope, kuti tsiku loyamba m'kalasi mudzakhale ndi nthano yowerengera ana m'cinenero cawo.