Kutsika Rissik Street, kufunafuna pakamwa pa mzinda

Rissik Street imayambira pamtunda ku Braamfontein, pamene pali Metro Centre, likulu la khonsolo ya Johannesburg. Ndinayambira pomwepo mu Novembala 2024, jakaranda atachita maluwa. Chinyumbacho n'chachitali, cha konkire yotuwa, koma pageti ndinangopeza alonda. Chinatsekedwa mu Seputembala 2023 thiransifoma itapsa, ndipo ogwira ntchito anamwazikana m'maofesi osiyanasiyana. Khonsolo yosowa pokhala iyeneranso kuuza anthu oposa 4 miliyoni tsiku lililonse za madzi, magetsi ndi zinyalala.

Aneneri a khonsoloyi ndimawamvera chisoni ndisanawadzudzule. Kuyambira 2021 kufika 2024, pampando wa meya panakhala anthu 7: Geoff Makhubo ndi Jolidee Matongo, amene anamwalira ali pa udindo, kenako Mpho Moerane, Mpho Phalatse, Dada Morero, Thapelo Amad, Kabelo Gwamanda, n'kubwereranso Morero. Aliyense amafika ndi anthu ake, malonjezo ake. Wolemba zikalata za atolankhani amene dzulo ankatamanda pulani ya uyu, lero akuuzidwa kuti pulaniyo ndiyo inawononga mzinda.

Kutsetsereka pang'ono, msewu umadutsa pambali pa Park Station. Apa m'pamene ambiri ochokera kumudzi amayamba kupuma mpweya wa Joni, atanyamula zikwama zamizeremizere. Chizulu, Chishona, Chiyao ndi Chichewa zimamveka pakamodzi. Zidziwitso za khonsolo zimene ndinaona zinali m'Chingerezi.

Kenako mpanda wa malata unanditsekera njira. Uyu ndi Lilian Ngoyi Street, amene oyendetsa matakisi amangomutchabe Bree. Madzulo a pa 19 Julayi 2023 msewuwu unaphulika kuchokera pansi, phula n'kung'ambika, matakisi n'kugudubuzika, munthu mmodzi n'kufa. Usiku womwewo aliyense anali kale ndi yankho. Ena ankati ndi mapaipi a gasi, kampani ya Egoli Gas n'kukana. Ena ankaloza azamazama, okumba golide mozemba. Zinatenga pafupifupi milungu iwiri kuti khonsolo inene kuti unali mpweya wa methane umene unadzadza m'ngalande za pansi pa msewu. Akatswiri sanachedwe dala, kufufuza kumafuna nthawi. Koma milungu iwiri pa WhatsApp ndi zaka. Mneneri akanena msanga anama, akadikira mphekesera yamudutsa. Ndinasuzumira pampata wa malata: dzenje linali likadali yasaa, udzu utamera m'mphepete.

Mayi wina wa kwathu wogulitsa zipatso chapafupi, nditamufunsa kuti za madzi amazimva bwanji, anaseka. "Achimwene, ife timamva mpopi ukauma. Mwina wina aponye pa gulu lathu." Mwezi umenewo madzi ankavutadi. Kumvetsa chovuta chake n'kofuna mtima: madzi amachokera ku Rand Water, ogawa ndi Johannesburg Water, mapampu amadalira magetsi a City Power kapena Eskom, ndipo misewu imene imakumbidwa pokonza mapaipi ndi ya Johannesburg Roads Agency. Aliyense ali ndi mneneri wake ndi tsamba lake pa X. Zonena zawo zikhoza kukhala zoona zonse, koma mayi wa zipatsoyo safuna kudziwa mwini paipi.

Ndinadutsa City Hall ndi positi ofesi yakale imene inapsa mu 2009, n'kukhotera kum'mawa kulowa Marshalltown. Pa 80 Albert Street pali nyumba ya Usindiso, mawindo ake akuda ndi mwaye. M'nthawi ya tsankho inali ofesi yopereka ziphaso kwa anthu akuda, yogamula woyenera kukhala m'tauni ndi woyenera kubwezedwa. Pambuyo pake inakhala pothawira amayi ozunzidwa, kenako inalandidwa ndi anthu otolera lendi mwachinyengo, mkati n'kudzaza tizisakasa ta matabwa. M'bandakucha wa pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76, pakati pawo Amalawi ambiri.

M'mawa umenewo nkhope ya mzinda inali Robert Mulaudzi, mneneri wa ozimitsa moto, ataima pamsewu kuwerengera atolankhani mitembo pamene chiwerengero chinkakwera. Anagwira ntchito yake. Koma andale atafika, nkhani inatembenukira kwa obwera opanda mapepala ndi mabungwe omenyera ufulu wa osowa pokhala, pomwe mwini nyumbayo anali khonsolo yomweyo. Mu Meyi 2024 komishoni ya Jaji Sisi Khampepe yofufuza za motowo inapeza kuti khonsolo inkadziwa kuopsa kwa nyumbayo kwa zaka ndipo sinatsate malamulo ake omwe.

Chimene chimandiwawa ndi chilengezo chabwino chimene chinakanika kugwira ntchito. Opulumuka anauzidwa kuti akwere mabasi kupita kumalo ogona monga holo ya Hofland Park ku Bez Valley. Ena anakana, n'kugona panja, poopa kuti kulembetsa dzina ndiko kudzipereka kwa a Home Affairs. Pamenepo ankaoneka ngati amantha chabe. Mu Novembala 2023, ena mwa amene anamvera n'kupita kuholoko anagwidwa chifukwa chosowa mapepala n'kutumizidwa ku Lindela, malo osungira oyembekezera kubwezedwa kwawo, ndipo zinatengera khoti kuletsa kuti asathamangitsidwe m'dziko asanapereke umboni ku komishoni.