Mpira Wakuda wa Jimmy White

Jimmy White adafika pa ndime yomaliza ya mpikisano wa snooker wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse adabwerako chimanjamanja. Zaka zake nazi: 1984, 1990, 1991, 1992, 1993 ndi 1994. Zaka zimenezi ndidaziloweza popanda wondikakamiza, pamene za m'mabuku a mbiri yakale zimandithawa ndikangolowa m'chipinda cha mayeso. Munthuyu sindidamuonepo ndi maso, ndipo pamene ankagonja komaliza n'kuti ine ndisadabadwe. Ndidamudziwira pa foni, m'zithunzi zakale zosaoneka bwino, zimene ndimaonera usiku anzanga atagona. Komabe nkhani yake yandikhala pamtima ngati ya mbale wanga, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake.

Poyamba ndifotokozeko masewerawo, pakuti ambiri a inu mumadziwa pool, ija ya pa malo omwera mowa ndi m'misika. Snooker ndi mkulu wake wa pool. Thebulo lake ndi la mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, ndipo maenje ake asanu ndi limodzi ndi opapatiza kwabasi. Pathebulopo pamakhala mipira yofiira 15, uliwonse wa pointi imodzi, ndi mipira ina isanu ndi umodzi ya mitundu yosiyanasiyana. Wodula pa yonse ndi wakuda, wa mapointi 7. Ukagwetsa wofiira umasankha umodzi wa yamitundu ija, ukaugwetsa woyimbira amaubwezera pamalo pake, iwe n'kufunanso wofiira wina. Umapitiriza chomwecho mpaka utaphonya. Ukaphonya umakakhala pampando.

Nkhanza ya masewerawa ili pampando pamenepo. Mu mpira wamiyendo ukalakwitsa umathamangira mdani wako, mwina n'kumulanda. Mu snooker mulibe zimenezo. Umangokhala duu, utavala chovala chako chaulemu, manja ali pamaondo, n'kumaonerera mnzako akusesa thebulo lonse. Sungamulankhule, sungamugwedeze. Anthu osakwana 1,000 amene amadzaza nyumba ya zisudzo ya Crucible mu mzinda wa Sheffield, kumene mpikisanowu udasamukira mu 1977, amakhala chete ngati ali m'tchalitchi, onse akukuyang'ana nkhope. Pa ndime yomaliza anthu awiri amasewera masiku awiri, ndipo woyamba kupambana magemu 18 ndiye amanyamula chikho.

White adabadwa pa 2 Meyi 1962 ndipo adakulira ku Tooting, kummwera kwa London. Sukulu sankaikonda. Ankathawa n'kukabisala m'nyumba ina yosewerera snooker yotchedwa Zans pamodzi ndi mnzake Tony Meo, amenenso adadzakhala katswiri. Mphunzitsi wamkulu ataona kuti mwanayu sangam'gwire, adapangana naye kuti azibwera m'mawa ndipo masana azipita ku thebulo lake. Kwathu kuno mwana wotere akadalawa chikoti, koma zimenezo tizisiye. Mu 1979, ali ndi zaka 16, adapambana mpikisano wa ku England wa osewera osalipidwa. Chaka chotsatira adapambana wa dziko lonse wa gulu lomwelo, nayamba kusewera ngati ntchito. Ndi wamanzere, ndipo ali mnyamata ankasewera mwachangu zedi, osaima kuganiza, kuyesa mipira imene ena akadaiopa. Adamupatsa dzina loti Whirlwind, ndiko kuti Kamvulumvulu. Aliyense wodziwa masewerawa ankati mwana uyu chikho cha dziko lonse adzachitenga, funso linali loti kangati.

Chenjezo loyamba lidabwera mu 1982. Ali ndi zaka 20 zokha adafika pa ndime yachiwiri kwa yomaliza, nakumana ndi Alex Higgins wa ku Belfast, munthu amene iye ankamusirira kuyambira ali mwana. White ankatsogola 15 kwa 14, ndipo m'gemu imene ikadamupititsa ku ndime yomaliza anali patsogolo ndi mapointi 59. Adaphonya mpira umodzi. Higgins adadzuka nasesa mapointi 69 m'njira imene anthu amaikambabe mpaka lero, pakuti pafupifupi mpira uliwonse unkaoneka wosatheka. Higgins adatenganso gemu yotsatira, kenaka chikho chimene. Anthu adati palibe kanthu, Jimmy ndi mwana, nthawi ilipo.

Mu 1984 adakumana ndi Steve Davis pa ndime yomaliza. Tsiku loyamba lidatha Davis ali ndi 12, White 4. Tsiku lachiwiri White adabwerera mwaukali mpaka kutsala pang'ono kum'peza, koma zidathera 18 kwa 16. Chaka chomwecho anali atapambana kale chikho cha Masters, choncho anthu adabwerezanso mawu aja, nthawi ilipo. Mu 1990 adapeza kuti kwabwera mnyamata wa ku Scotland, Stephen Hendry, wa zaka 21, wa nkhope yosasonyeza kanthu. Adagonja 18 kwa 12. Mu 1991 John Parrott adatenga magemu asanu ndi awiri oyambirira White asadalawe ndi imodzi yomwe, zidatha 18 kwa 11.

Chaka cha 1992 ndicho chimandiwawa ndikamaonera. Pa ndime yoyamba, posewera ndi Tony Drago wa ku Malta, White adagwetsa mipira yonse mosaphonya, wofiira aliyense ndi wakuda wake, nakwanitsa mapointi 147. Pa Crucible zimenezi zinali zitachitikapo kamodzi kokha, mu 1983, ndi Cliff Thorburn wa ku Canada. Pa ndime yomaliza adatsogola 14 kwa 8 pamaso pa Hendry. Ankangofuna magemu anayi. Hendry adatenga magemu khumi otsatizana. Khumi! Ndikamaonera zithunzi za tsiku limenelo sindiyang'ana Hendry, ndimayang'ana munthu ali pampando uja, akusuta fodya, nkhope ikunka ikugwa pang'onopang'ono. Za 1993 palibe chonena: 18 kwa 5, Hendry yemweyo, ndipo masewero adatha chigawo chomaliza chisadafike.

Tsono tafika pa 2 Meyi 1994, tsiku limene White ankakwanitsa zaka 32. Hendry ankasewera ndi chigongono chothyoka, atagwa m'bafa mpikisano uli mkati. Atasewera masiku awiri anali 17 kwa 17, kutsala gemu imodzi. White anali pathebulo, akutsogola 37 kwa 24, mipira itamwazika bwino ngati wachita kuiyala yekha. Patsogolo pake panali mpira wakuda uli pamalo pake penipeni. Mpira woterewu katswiri amaugwetsa kambirimbiri tsiku lililonse poyeserera, ndipo White ameneyu anali ataugwetsa kuyambira ali mwana wothawa sukulu. Adaphonya. Adapita kukakhala pampando, ndipo Hendry adasesa mapointi 58. Atam'patsa mpata wolankhula, White adachita nthabwala yoti mnyamatayu wayamba kumutopetsa, anthu n'kuseka, ena akupukuta misozi.

Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi ndidamuonetsa mpira umenewu. Adaonera kawiri, napukusa mutu. "Achimwene, apa palibe za masewero," adatero. "Munthu uyu ndi watsoka basi. Kukadakhala kwathu tikadati alipo adam'chita chipongwe." Ndidaseka, koma mawu oti tsoka adandikwiyitsa, ndipo tidakangana mpaka usiku.

Mawu amenewa ndidakula nawo. Malume anga adalemba mayeso a Sitandade 8 katatu. Katatu konse adakhoza, koma dzina lawo silidatuluke pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale. Masiku amenewo malo anali ochepa, ndipo kubwereza kalasi imeneyi sichinali chachilendo. Kumudzi adagamula kuti malume ndi atsoka, ndipo dzinalo lidawakanirira. Mbuzi ikawafera, tsoka lija. Fodya akapanda kugulidwa bwino, tsoka lija. Palibe adafunsapo kuti ana adalemba angati ndipo malo analipo angati. Palibenso adafunsa ngati malumewo ankawerenga mokwanira, ndipo ine amene ndimawakonda sindidawafunsepo. Mawu oti tsoka amatseka mafunso onse awiri. Amam'chotsera munthu mlandu, komanso amam'landa ulemu woti zimene zidam'chitikira zinali ndi chifukwa.

Kwa White zifukwa zilipo, ndipo mwini wake sadazibise. M'buku la moyo wake limene lidatuluka mu 2014 adavomera kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo a cocaine. Za mowa ndi juga zinkadziwika kale, ndalama zambiri zidapita kumeneko. Pamene iye ankachezera kunja, Davis ndi Hendry anali pathebulo maola ambiri tsiku ndi tsiku, kubwereza mipira yomweyomweyo ngati makalaliki a m'ofesi. Anthu sankawakonda kwenikweni awiriwa, ankati ndi makina. Koma Davis adatenga chikhocho kasanu ndi kamodzi ndipo Hendry kasanu ndi kawiri. Chifukwa china n'choti White adakhwima pakati pa anthu awiri amenewa: atangoti Davis wayamba kutopa, Hendry anali atafika kale. Pa ndime zomaliza zisanu ndi imodzi zija, zisanu adakumana ndi mmodzi wa iwo.

Apa mnzanga uja adandifunsa funso limene lidanditseka pakamwa kwa kanthawi. Adati, "Chabwino, mowa ndi juga tamva. Nanga mpira wakudawo? Pa mphindi imeneyo anali ataledzera?" Sanali ataledzera. Munthu amene wapambana magemu 17 pamaso pa Hendry sangakhale kuti sadakonzeke. Chimene ndimaona ine ndikabwereza kachidutswa kameneka n'choti dzanja lidafulumira pang'ono, monga limachitira dzanja la munthu amene waona kale mapeto. Ndikuganiza kuti zaka zisanu zija zinali naye pathebulopo. Wophunzira aliyense amene adalowapo m'chipinda cha mayeso akudziwa kuti kumudzi adagulitsa mbuzi chifukwa cha iye amalidziwa dzanja limenelo. Funso losavuta ndilo limakunjenjemeretsa, chifukwa ukalilephera ulibe pobisala. Ine ndine woyamba m'banja mwathu kufika kuno, ndipo ndikamapita kutchuthi malume aja ndiwo amayamba kundilandira chikwama. Safunsa zambiri. Amangoti, "Mphwanga, zikuyenda?" Ndikayankha kuti zikuyenda amagwedeza mutu nthawi yaitali kuposa m'mene yankholo likufunira.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho mwa okonda White. Ambiri amam'konda chifukwa chogonja komweko. Amamutcha ngwazi ya anthu wamba, ndipo amalankhula ngati kuti kulephera kwake n'kokoma kuposa kupambana kwa Hendry. Zimenezo n'zosavuta kunena uli pa mpando wa oonerera. Mwini wakeyo sadafunepo kukhala chitsanzo cha kugonja mwaulemu, ankafuna chikho. Ndipo chifundo choterechi chimaiwalitsa zimene adapambana: Masters mu 1984, UK Championship mu 1992, ndi zikho zina zambiri zimene osewera ochuluka amapuma ntchito asadazikhudze. Kufika pa ndime yomaliza zaka zisanu zotsatizana si ntchito ya munthu wolephera. Koma funsani aliyense za Jimmy White, ayamba ndi mpira wakuda. Inenso ndi umene ndaika pamwamba pa nkhani ino.

Zimene zidatsatira anthu sazikamba kawirikawiri, koma kwa ine ndizo zodabwitsa. Mu 1995 adam'peza ndi khansa, adachitidwa opaleshoni nachira. Mu 1998 adakumananso ndi Hendry pa Crucible pomwepo ndipo adam'gonjetsa 10 kwa 4, koma inali ndime yoyamba, yopanda chikho. Ulendo wake womaliza kusewera mpikisano waukuluwo pa Crucible unali mu 2006. Mu 2017 adatsika kwambiri pa mndandanda mpaka kutaya malo ake pakati pa akatswiri, ndipo akuluakulu oyendetsa masewerawa adachita kum'patsa chilolezo chapadera kuti apitirize. Wina akadachita manyazi n'kupachika ndodo. Iye adalandira. Mu 2019 adanyamula chikho pa Crucible, cha mpikisano wa dziko lonse wa osewera achikulire. Adachikweza m'mwamba akumwetulira, ngakhale iye ndi oonerera onse ankadziwa kuti sichinali chija.

Kuti munthu wotsika pa mndandanda afike pa mipikisano ikuluikulu amayenera kudutsa kaye m'masewero achipulula, m'zipinda za mathebulo ambiri ondandalikana, kumene oonerera amakhala owerengeka. Kumeneko ndiko White adathera zaka zambiri, akulimbana ndi anyamata amene mu 1994 anali asadabadwe, ena ochokera ku China, oyeserera maola ambiri ngati Hendry wakale. Kawirikawiri ankagonja, n'kulongedza ndodo yake, n'kubweranso mpikisano wotsatira. Atolankhani akam'funsa ankanenabe kuti chikho chachikulu chija angathe kuchitenga, ndipo ofunsawo ankamwetulira mwaulemu monga timachitira ndi agogo akamanena zoti chaka chamawa alima munda wonse okha. Mu Novembala 2022, ali ndi zaka 60, adapambana masewero anayi achipulula nafika pakati pa osewera 32 a UK Championship mu mzinda wa York, zaka 30 chipambanire chikho chimenecho. Polowa m'bwalo anthu adaimirira. Adagonja kwa Ryan Day, 6 kwa 2.