Pamene Ndiwo Ziyenera Kuposa Nsima

Akhristu anzathu, tikamaphunzitsa ana Lamulo Lachisanu timafulumira kutchula mpeni, nkhwangwa ndi chiphe, pakuti imfa zotere aliyense amaziona. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992 pa nthawi ya Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amapitirira pamenepo. Pa ndime 2288 amatikumbutsa kuti moyo ndi thanzi Mulungu anachita kutisungitsa, ndipo pa ndime 2290 amaika kudya mopyola muyeso pamzere umodzi ndi mowa ndi fodya. Tsono lamuloli limafika mpaka pa mafuwa, pa mthiko ndi pa chipande. Tifuna kukamba za mphika wa banja limene muli munthu wa matenda a shuga, popeza mabanja otere achuluka pakati pathu, ndipo lathu lomwe ndi limodzi mwa iwo: amayi otibala akhala ndi nthendayi zaka zingapo tsopano.

Kale tinkati shuga ndi nthenda ya mabwana a ku Maputo ndi ku Beira. Koma kafukufuku amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique anapeza kuti mu 2005 akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 amene anali nayo anali pafupifupi atatu pa 100 alionse, ndipo pofika 2015 anali atapitirira asanu ndi awiri. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Chimene chimachitika m'thupi n'chakuti nsima, mpunga, buledi, chinangwa ndi mbatata zikagayika m'mimba zimasanduka shuga, shugayo n'kulowa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulini, amene ntchito yake ndi kulowetsa shuga m'minofu kuti asanduke mphamvu. Insuliniyo akachepa, kapena thupi likaleka kumumvera, shuga amangoyendayenda m'magazi, nayamba kuononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete. Munthu amamva ludzu losatha, amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, amaonda akudya bwinobwino, ndipo kachilonda kakang'ono kamakana kupola. Wotereyu apite kuchipatala m'mawa asanadye kanthu. Kadontho kamodzi ka magazi a pachala n'kokwanira, ndipo makina akasonyeza 126 kapena kupitirira apo, a chipatala adzamuyezanso tsiku lina kuti atsimikize.

Nthendayi kawirikawiri imayenda ndi anzake awiri. Wina ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kuchipatala timamva akukutcha tensão. Wina ndi kolesitero, mafuta ena amene chiwindi chimapanga ndipo thupi limawafuna ndithu, koma akachuluka amakanirira m'kati mwa mitsempha monga mwaye m'denga la khitchini, mpaka njira ya magazi itachepa. Mtsempha wa kuubongo ukatsekeka, ndi pamene timamva kuti uje anagwa ali kumunda ndipo mbali imodzi yafa. Kolesitero sapweteka, sapereka chizindikiro. Munthu wa shuga mitsempha yake imakhala itafooka kale, choncho mafutawa amamupweteka msanga kuposa ena.

Tsopano tiyang'ane dziko limene Mulungu anatipatsa. Angónia ndiye nkhokwe ya chigawo cha Tete. Chimanga chimachita bwino, ndipo malole amachoka ku Dómue, ku Ulónguè ndi kwa anansi athu a ku Tsangano atadzaza mbatata ya kachewere, imene amalonda amaitcha batata-reno. Zonsezi ndi dalitso, ndipo ndi zomwezinso zimene zimakweza shuga. Kuwonjezera apo, chilankhulo chathu chomwe chinaweruza kale mlandu: nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zoperekeza chabe. Munthu atadya maungu, nyemba ndi mtedza mpaka kukhuta, akagona osatema mbamu ya nsima, m'mawa amauza anzake kuti anagona ndi njala. Mwana akachulutsa ndiwo pa mbamu timamudzudzula kuti ndi wankhuli. Umu ndi mmene tinaleredwera, ndipo zinali ndi nzeru yake pa nthawi imene ndiwo zinali zochepa ndipo aliyense ankagwira khasu kuyambira mbandakucha.

Kwa munthu wa shuga dongosolo limeneli liyenera kutembenuzidwa. Theka la mbale likhale masamba. Theka lotsalalo ligawidwe pawiri: mbali ina nyemba, nsomba, dzira kapena soya, mbali ina nsima, mtanda umodzi wosaposa chibakera cha mwini wakeyo. Sitikunena kuti nsima ithetsedwe. Wolima tsiku lonse amafuna mphamvu, ndipo wa mankhwala akaisiyiratu angathe kukomoka. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa madeya amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, koma asatinamize munthu kuti mgaiwa ulibe malire: mitanda itatu ya mgaiwa idzakweza shuga ndithu. Ndipo kachewere, chinangwa ndi mbatata ya kholowa ziwerengedwe ku mbali ya nsima. Tsiku la kachewere, nsima ipume.

Chimene chimatimvetsa chisoni tikamayenda m'midzi ndi kamphika kapadera. Wodwala akangobwera kuchipatala, a pabanja amamuphikira kabichi wowiritsa m'madzi okhaokha, wopanda tomato, wopanda kanthu, n'kumupatsa adyere pakhonde, pamene ena onse akudya nyama ya nkhumba ndi nsima yoyera m'nyumba. Amachita zimenezi mwachikondi, sitikukana. Koma chakudya chotere chimaoneka ngati chilango, ndipo sitinaonepo munthu amene anachipirira kupitirira mwezi. Amayamba kudya mobisa, kapena amangoti imfa ndi imodzi. Kwathu tinagwirizana kuti mphika wa ndiwo ukhale umodzi, wa tonse, ndipo kusiyana kukhale pa kukula kwa mtanda basi. Ana anadandaula masabata awiri, kenaka anazolowera. Tisaiwalenso kuti nthendayi imatsata magazi: mwana wa munthu wa shuga amene wazolowera masamba lero wapatsidwa cholowa choposa ng'ombe.

Nanga mphika umodziwo ukome bwanji? Apa agogo athu anatisiyira nzeru yonse, ndife tinaitaya pothamangira mafuta a m'botolo. Nkhwani wotendera ndiye mfumu ya ndiwo za munthu wa shuga. Masamba asadzulidwe bwino, madzi akhale ochepa, tomato ndi anyezi zilowe, nsinjiro zithiridwe pamwamba masamba atangofota, mphika uvundikiridwe kanthawi, kenaka n'kutakasa. Mafuta a mu mtedza ndi a mtundu umene sukweza kolesitero woipa uja, ndipo amagwira m'mimba, kotero munthu sakumbuka mtanda wachiwiri. Dzanja limodzi la nsinjiro likwanira mphika wa banja, pakuti mtedza ukachuluka umanenepetsa. Chimodzimodzi khwanya, chitambe, kholowa, mpiru ndi repu. Bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha m'mphepete mwa munda, ndipo ena amachita nazo manyazi mlendo akabwera, ngati kuti ndi ndiwo za amphawi. Ife timaziona ngati mphatso imene sitinaikhetsere thukuta. Therere nalo lili ndi ulemu wake: kuterera kwake kuja kumathandiza kugwira mafuta ena m'matumbo kuti atuluke osalowa m'magazi, monganso zimachitira nyemba. Nyemba zili ndi shuga wake, koma amalowa pang'onopang'ono, choncho chipande chimodzi n'chabwino tsiku lililonse.

Pali tizolowezi tiwiri timene timaononga ntchito yonseyi. Choyamba ndi soda. Imafewetsa masamba msanga, nkhuni n'kupulumuka, koma imapha mavitamini ena, ndiponso ndi mbale wake wa mchere, imakweza kuthamanga kwa magazi. Masamba anthete safuna soda konse; okhwima ingowadulani mosalala. Chachiwiri ndi mchere weniweniwo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera zonse zimene wadya. Ife timathira mchere, n'kuwonjezera ka caldo, kamene mbali yake yaikulu ndi mchere womwewo, kenaka wina n'kuwazanso wina pambale. Nsomba youma ya chicoa iviikidwe m'madzi, madziwo atayidwe, ndipo mumphikamo musalowenso mchere. Adyo, tsabola, tomato wakupsa ndi madzi a ndimu zimadzutsa ndiwo bwino lomwe.

Ena akamva kuti nsima ichepe, amathawira ku nyama, poganiza kuti poti nyama ilibe shuga ndiye kuti ilibe mlandu. Apa ndi pamene kolesitero amawadikirira. Njira yapafupi yozindikirira mafuta oopsa ndi kuyang'ana mbale itazizira: amene aundana n'kuyera, monga a nkhumba, a ng'ombe ndi a pakhungu la nkhuku, ndi omwewo amene amakweza kolesitero. M'mwezi wa Juni kuno kumazizira, ndipo mudzaona mafuta ena ophikira akuundana m'botolo momwemo. Amenewo kawirikawiri ndi a kanjedza, ndipo a mpendadzuwa kapena a soya amawaposa. Koma ngakhale abwinowo, supuni imodzi kapena ziwiri zikwanira mphika. Tchipisi ta pachiwaya, tokazingidwa m'mafuta amene atenthedwa kuyambira dzana, timasonkhanitsa adani onse atatu pambale imodzi: shuga wa kachewere, mafuta ndi mchere. Usipa, kapenta wa ku Cahora Bassa, karapau wowotcha kapena wophika ndi tomato, nkhuku yochotsa khungu, kagawo ka peyala, izi zimamanga thupi popanda kutseka mitsempha.

Tikambeko za ulemu, pakuti apa ndi povuta kwambiri. Ife makatekista timadziwa bwino kuti pa ulendo umodzi wokayendera akhristu munthu angathe kulandiridwa ndi nsima katatu, thobwa kawiri ndi botolo la zozizilitsa kukhosi, ndipo kukana kumaoneka ngati kunyoza pakhomo. Pa ukwati, pa maliro, pa ubatizo, ndi chimodzimodzi. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zotsekemera lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi oposa asanu ndi awiri, ndipo thobwa, ngakhale ndi lathu lamakolo, ndi ufa ndi chimera, nthawi zambiri n'kuthiramonso shuga. Mlendo akati, "Pepani, ndili ndi shuga," mwini nyumba asaumirire kuti kamodzi kokha sikapha. Amupatse madzi, mtedza wokazinga, dzira lowiritsa kapena tiyi wopanda shuga. Kumeneko ndiye kulandira mlendo, popeza mwamupatsa chimene chimusunge.

Palinso lilime. Pakati pathu kunenepa kumatengedwa ngati umboni wa mtendere, ndipo munthu akayamba kuchepa thupi, manong'onong'o amayamba pachitsime kuti wadwala matenda aja, kapena walodzedwa, kapena mkazi wake samuphikira. Tikudziwa anthu amene anabwerera ku mitanda itatu pongofuna kutseka pakamwa pa anzawo. Lamulo Lachisanu ndi Chitatu limaletsa kuganizira mnzathu zoipa popanda umboni, ndipo apa miseche ingathe kumudulitsa munthu mwendo.

Funso limene timafunsidwa kawirikawiri ndi la kusala kudya pa Kwarezima, nyengo imene abale athu a ku Dedza amaitcha Lenti. Lamulo la Mpingo limamanga a zaka 18 mpaka 59, pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, koma Mpingo sukakamiza odwala. Munthu amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide akasala, shuga angathe kutsika kupyola 70, ndipo amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kulankhula zosokonekera ngati waledzera. Pamenepo shuga yemwe uja amasanduka mankhwala: masupuni a tiyi atatu m'kapu ya madzi, ngati munthuyo akutha kumeza, kenaka chakudya, ngati wakomoka musamumwetse kanthu, thamangirani naye kuchipatala. Ola limodzi losala tisanalandire Ukaristia nalonso silikhudza madzi ndi mankhwala, ndipo kanoni 919 imamasula okalamba ndi odwala. Amene amayenda mtunda wautali kudza ku Misa adye asananyamuke. Akafuna chopereka cha Kwarezima, asale mkwiyo, asale kachasu, ayendere odwala anzake.

Ena amakonda kutchula Danieli, amene ku Babiloni anapempha ndiwo zamasamba ndi madzi masiku khumi, naoneka wathanzi kuposa odya za mfumu. Nkhaniyo ndi yokoma, koma Danieli ankasunga Chilamulo, sankachiza shuga, ndipo asaigwiritse ntchito munthu pouza wodwala kuti ataye mapiritsi. Buku la Sira, mutu 38, limatilangiza kulemekeza sing'anga wa mankhwala pamodzi ndi kupemphera. Masamba amathandiza metformin ndi mankhwala a kolesitero kugwira bwino ntchito, salowa m'malo mwake. Wina akakuuzani kuti muzu wakutiwakuti kapena madzi odalitsidwa achotseratu nthendayi, pitani mukayezetse musanasiye kanthu.

Chotsala ndi kukonzekera chilimwe. Mvula ikatha, masamba amasowa kwa amene alibe dimba, ndipo mbale imabwerera ku nsima yambiri ndi kandiwo ka msuzi. Mfutso ndiye yankho lake. Pamene nkhwani, khwanya ndi chitambe zili mbwee m'munda, zifutsidwe pang'ono, ziyanikidwe pamthunzi wopita mphepo kuti zisapserere ndi dzuwa, zisungidwe m'zikwatu pamalo ouma. Banja la munthu wa shuga lifutse kuwirikiza kawiri mmene linkachitira kale, ndipo a m'mphakati amene ali ndi madimba akumbukire nkhalamba zodwala pokolola repu ndi kabichi. M'miyezi yozizira yomweyo muziyang'anira mapazi a wodwala madzulo alionse. Mapazi amene anachita dzanzi samva kutentha, ndipo munthu angathe kupsa akuotha moto osazindikira. Kwathu amayi amakhala chapatali ndi mafuwa atavala masokosi, ndipo mdzukulu wawo wamkulu ndiye amaunika ndi tochi pakati pa zala asanakagone.